Thonje ndi thandizo la boma: kuyerekeza njira zinayi zopezera zipangizo kwa mlimi wa ku Mulanje ndi Thyolo

Mlimi wa kuno kwathu akayamba kulingalira zolima thonje, funso limene limatsogola ndi lakuti boma lithandizapo motani. Funsoli n'lomveka, pakuti kuyambira nyengo ya ulimi ya 2005/06, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa pulogalamu ya makuponi ya FISP, mabanja ambiri anazolowera kuwerengera feteleza wotsika mtengo pokonza dongosolo la kumunda. Koma thonje limafuna zinthu zosiyana ndi za chimanga, limazifuna pa masiku ake enieni, ndipo likacha simungalidye kapena kuliika m'nkhokwe n'kumatapako pang'onopang'ono. Liyenera kugulidwa basi. Choncho nkhani ya kumene mutenge mbewu ndi mankhwala imayendera limodzi ndi nkhani ya amene adzagule zokolola zanu, ndipo ndi bwino kuziona njira zonse pamodzi musanasaine pepala lililonse kapena kuyamba kudikira dzina lanu pa mndandanda wa kwa amfumu.

Choyamba tigwirizane za malo. Thonje limakonda kotentha ndi kotsika, n'chifukwa chake limalimidwa kwambiri ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Mangochi, Salima ndi Karonga. Kumtunda kwa Thyolo, ku Bvumbwe, ndi m'tsinde mwa phiri la Mulanje kumene tiyi amakondwa ndi chinyontho cha chiperoni, thonje silingakupindulireni, ngakhale mbewu mutapatsidwa yaulere. Amene nkhaniyi ikuwakhudza ndi a m'zigwa zotentha za cha ku Thuchila kulowera ku Phalombe, a kumunsi kwa Thyolo kumene mtunda umatsetserekera ku Chigwa cha Shire, amene amabwereka minda ku Chikwawa, komanso abale athu amene anasamuka ku Mulanje ndi Thyolo kupita ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu kudzera mu pulojekiti ya Kudzigulira Malo pakati pa 2004 ndi 2011. Ambiri mwa iwowa akufunafuna mbewu yogulitsa yodalirika chifukwa anaona nthochi zikutha ndi matenda a chisaka, ndipo anaonanso mtengo wa nandolo ukugwa mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo.

Zoyenera kuyang'ana poyerekeza

Njira iliyonse ndiiyeza ndi mafunso anayi omwewo. Loyamba ndi mtengo wake weniweni, kutanthauza ndalama zonse zimene zidzachoka m'thumba mwanu kapena kudulidwa pa zokolola zanu, kuphatikizapo chiwongoladzanja, thiransipoti ndi masiku amene mudzataye pa mzere. Lachiwiri ndi kapezekedwe: kodi zinthuzo zimafika m'dera lanu, ndipo zimafika mvula yoyamba isanagwe? Lachitatu ndi ntchito imene njirayo idzafuna kwa inu kuyambira pobzala mpaka pogulitsa. Lachinayi, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndi lakuti zinthu zikalakwika, monga zinalakwikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kapena ndi ng'amba ya nyengo ya 2023/24, katundu wa kuluzako adzagwera pamutu pa yani.

Kuti mafunsowa akhale ndi tanthauzo, tikumbukire zimene munda wa thonje umadya. Pamafunika mbewu yovomerezeka chaka ndi chaka, popeza thonje mumaligulitsa ndi njere zake zomwe, ndipo mbewu ya haibulidi siibwerezedwa. Pamafunika mankhwala opopera maulendo angapo, chifukwa mbozi zoboola zipatso za thonje ndi tizilombo toyamwa masamba, monga nsabwe, zimatha kuwononga munda m'masabata ochepa. Pamafunika chopopera chimene chili pafupi, chosachita kukapempha kutsidya la mtsinje. Pamafunikanso manja ambiri popatulira, popalira ndi potola. Feteleza amathandiza, makamaka m'nthaka yoguga, koma pa mndandandawu sali pamwamba monga amakhalira pa chimanga. Mlimi akhoza kuthira matumba awiri a feteleza n'kukolola thonje lochepa lodetsedwa chifukwa choti anachedwa kupopera pamene mbewu inkachita maluwa.

Palinso malamulo amene sasintha kaya mwasankha njira iti. Lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa bungwe la Cotton Council of Malawi, limene limalembetsa alimi ndi kupereka ziphaso kwa ogula thonje ndi eni mafakitale ochotsa njere. Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse mtengo wochepetsetsa wogulira mbewu kwa alimi, ndipo thonje limakhala m'gulu la mbewuzo. Mukamaliza kutola, mitengo ya thonje iyenera kuzulidwa ndi kuwonongedwa pa nyengo imene alangizi amalengeza, kuti mbozi zisapeze pobisala kudikira chaka chamawa.

Njira yoyamba: zipangizo zotsika mtengo za boma

Mtengo. Pa njira zonse, iyi ndiyo yotsika mtengo kwa amene dzina lake latuluka. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, imene inalowa m'malo mwa FISP, itayamba mu 2020 m'nthawi ya Lazarus Chakwera, thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495. Nyengo yotsatira linafika pa K7,500, kenako pa K15,000. Ngakhale mtengowu unkakwera, unali wotsikabe kwambiri poyerekeza ndi wa m'sitolo. Koma muone chimene chinkakhala m'phukusi la AIP: thumba limodzi la NPK, limodzi la yuleya, ndi mbewu ya chimanga, mapira kapena mpunga. Ndi phukusi lokonzedwa kuti banja lipeze chakudya. Mbewu ya thonje, mankhwala ndi chopopera mudzazigulabe kwina pa mtengo wa pamsika.

Panali zaka zimene boma linathandiza thonje mwachindunji. M'nyengo za 2007/08 ndi 2008/09, makuponi a FISP ankaphatikizapo mbewu ndi mankhwala a thonje, koma pambuyo pake mbewu zogulitsa zinachotsedwamo. M'nyengo ya 2011/12 boma linaika K1.6 biliyoni pa ulimi wa thonje, ndipo zokolola za dziko lonse zinakwera kufika pafupifupi matani 100,000. Izi zikusonyeza kuti alimi a m'Malawi amalitha thonje zipangizo zikawafikira. Zikusonyezanso mbali ina: thandizolo silinapitirire pa mlingo womwewo, mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse, umene unakwera kwambiri kumayambiriro kwa 2011, unatsika, ndipo m'zaka zotsatira zokolola zinagwa mpaka kutsala kagawo kochepa ka zimene zinalipo. Amene anakulitsa minda poganiza kuti chaka chilichonse chidzakhala ngati chimenecho ndi amene anapwetekeka kwambiri.

Kapezekedwe. Apa ndi pamene njirayi imafooka. Chiwerengero cha opindula chimasintha malinga ndi ndalama zimene zili mu bajeti: mu 2020/21 anali mabanja oposa 3.5 miliyoni, koma pofika 2023/24 anatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Dzina la pulogalamu, mtengo wa thumba ndi kasankhidwe ka anthu zimatha kusintha boma likasintha. Mumagula ndi chiphaso cha unzika pa madepoti osankhidwa, monga a bungwe la boma logulitsa feteleza la SFFRFM, ndipo aliyense amene anakhalapo pa mzere wa feteleza amadziwa masiku amene netiweki imavuta kapena pamene pafika mtundu umodzi wokha wa feteleza, wina n'kudzabwera mbewu itakula kale.

Ntchito yake. Ndi yochepa: kuonetsetsa kuti chiphaso chanu chili bwino, kutsimikiza dzina lanu kwa mlangizi ndi kwa amfumu, ndi kusunga ndalama yokaombolera matumbawo nthawi isanakwane. Palibe ngongole yobweza, ndipo palibe amene adzakulamulani kumene mukagulitse zokolola.

Zoopsa zake. Choopsa chachikulu ndi kudikira. Thonje limabzalidwa ndi mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala, ndipo lobzalidwa mochedwa limakumana ndi tizilombo tambiri pamene likadali lanthete. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Thandizo limene langolengezedwa pa wailesi, lisanafike pa depoti ya kwanu, musaliike m'mawerengero a munda wa thonje. Choopsa china ndi kuchotsa feteleza wa sabuside ku chimanga n'kumuthira ku thonje. Mukatero mwaika chakudya cha ana pa mbewu imene mtengo wake simuudziwa kufikira msika utatsegulidwa, ndipo mu Febuluwale mudzapezeka mukugula chimanga pa mtengo wokwera ndi ndalama ya ganyu.

Njira yachiwiri: mgwirizano ndi kampani yogula thonje

Alimi a kuno sitikuyamba kumva za ulimi wa mgwirizano. Alimi a tiyi ang'onoang'ono a m'magulu monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo akhala akugulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti kwa zaka zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti tiyi amathyoledwa miyezi yambiri pa chaka ndipo ndalama imabwera pafupipafupi, pamene thonje limalipira kamodzi kokha. Ngongole yonse imadulidwa pa malipiro amodzi amenewo.

Mtengo. Poyamba simutulutsa ndalama zambiri, ndipo nthawi zina mumangopereka kagawo kochepa. Kampani imakupatsani mbewu ndi mankhwala pa ngongole, n'kudzadula mtengo wake pa tsiku logulitsa. Kuti mudziwe ngati mgwirizanowo ndi wabwino, sandutsani ngongoleyo kukhala makilogalamu. Tingoyerekeza kuti zipangizo zonse zakwana K300,000 ndipo thonje likugulidwa pa K1,000 pa kilogalamu: makilogalamu 300 oyamba ndi a kampani, anu akuyambira pa 301. Mukakolola makilogalamu 900, mwapindula; mukakolola 350 chifukwa cha ng'amba, mwagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi n'kutsala ndi K50,000, aganyu musanawalipire. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kameneka muyenera kukachita ndi mitengo ya chaka chimene mukusainira.

Mbewu imene makampani ambiri amapereka masiku ano ndi ya haibulidi ya Bt, imene inavomerezedwa kulimidwa m'Malawi cha kumayambiriro kwa 2019 itayesedwa kwa zaka zingapo, ndipo imachokera ku kampani ya Mahyco ya ku India kudzera ku Quton. Mbewuyi imadziteteza ku mbozi zoboola zipatso, choncho maulendo opopera amachepa, ndipo ikasamalidwa imabereka kuposa mitundu yakale monga Makoka 2000 yochokera ku malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba. Koma ndi yokwera mtengo, imalowa m'dziko muno pogulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo siiteteza ku nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa. Amene akuuzani kuti ndi mbewu imeneyi chopopera simuchifunanso akukusocheretsani.

Kapezekedwe. Makampani amatsata kumene kuli alimi ambiri, chifukwa galimoto siingapite kutali kukanyamula mabelo ochepa. Mafakitale ochotsa njere ali kumadera a thonje, monga ku Ngabu ndi ku Balaka, ndipo misika imatsegulidwa kumene kuli magulu olembetsedwa. Mlimi wa ku Balaka kapena wobwereka munda ku Chikwawa sadzavutika kupeza kampani. Wa ku Thuchila kapena kumunsi kwa Thekerani ayenera kuyamba wafunsa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake ngati pali kampani yokhala ndi chiphaso imene imafika kumeneko, ndiponso kuti pamafunika alimi angati kuti msika utsegulidwe.

Ntchito yake. Njirayi imafuna mwambo. Mumakhala m'kalabu, mumapita kumisonkhano, mumabzala pa mpata umene mlangizi wa kampani wanena, ndipo mumayendera munda m'mawa kutembenuza masamba ndi kusuzumira m'maluwa kuti muone tizilombo tisanachuluke. Pa nthawi yotola mumadikira mame aume, mumalekanitsa thonje loyera ndi lodetsedwa pomwepo m'munda, ndipo mumaliyanika pa thandala kapena pa mphasa, osati pa dothi. Kachinthu kamodzi kamene ambiri amakanyozera: musatolere kapena kusungira thonje m'matumba a pulasitiki a feteleza, ndipo musamange ndi zingwe za pulasitiki. Timaulusi ta matumbawo timasakanikira ndi thonje, sitilowa utoto ku fakitale ya nsalu, ndipo timatsitsa giredi ya katundu wanu. Gwiritsani ntchito nsalu kapena ziguduli zimene ogula amapereka. Sungani chiphaso chilichonse chimene mwalandirira zipangizo, pakuti pa tsiku la sikelo mawu a pakamwa sathandiza.

Zoopsa zake. Wogula amakhala mmodzi, ndipo ndi yemweyo amene amaona giredi, kuyeza pa sikelo ndi kudula ngongole. Msika ukachedwa kutsegulidwa kapena malipiro akachedwa, mlimi amene ali ndi fizi ya mwana amakopeka ndi mavenda obwera ndi ndalama m'manja. Kugulitsa mozemba kotereku kumaoneka ngati kwathandiza sabata imeneyo, koma kumaphwanya mgwirizano, kumasiyira anzanu a m'kalabu ngongole yanu ngati munasainirana kuti mudzabwezerana, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene makampani akhala akuchepetsera ngongole za zipangizo m'dziko muno. Musanasaine, pemphani kuti zinthu izi zilembedwe m'chilankhulo chimene mukuchimva: mtengo wa chipangizo chilichonse, tsiku limene zidzafike, ngati mtengo wogulira udzatsatira umene boma lalengeza, masiku amene adzadutse musanalipidwe, ndi chimene chidzachitike ku ngongole munda ukakokoloka ndi madzi. Ngati wobweretsa pepalalo akuzemba funso lomalizali, dziwani kuti yankho lake ndi lakuti mudzabweza ndinu.

Njira yachitatu: kubwereka ndalama

Mtengo. Pano pali magwero angapo, ndipo amasiyana kwambiri. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama, limene lakhala likudziwika ndi maina a MEDF ndi NEEF, komanso ma SACCO (makopaletivi osunga ndi kubwereketsa ndalama), amapereka ngongole za miyezi yambiri, ndipo chiwongoladzanja chawo chimakhala chotsika poyerekeza ndi cha m'mudzi. Banki m'khonde ndi yapafupi, koma m'magulu ambiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pamwezi, kawirikawiri K10 mpaka K20 pa K100 iliyonse. Mukatenga K100,000 mu Disembala pa K20 pa K100, n'kudikira kugulitsa thonje mu Juni, mudzakhala mutapereka K120,000 ya chiwongoladzanja chokha. Phindu la gululo limabwerera kwa mamembala pogawana, inde, koma gawo lanu silingafanane ndi zimene mwatulutsa. Za katapila sindichedwapo: palibe munda wa thonje umene ungabweze ngongole yotere.

Kapezekedwe. Mabungwe amafuna gulu lolembetsedwa, chiphaso cha unzika, nthawi zina chikole kapena ndalama yoyamba mwasunga, ndipo mafomu amatenga nthawi. Ngongole yopemphedwa mu Okutobala ikhoza kutuluka mbewu za anzanu zitamera kale, choncho kupempha kuyambe m'miyezi yozizira.

Ntchito yake. Kugula mbewu, kusankha mankhwala ndi kufunafuna msika zonse zili m'manja mwanu, kuphatikizapo kulemba ndalama iliyonse imene yatuluka. Chovuta kwambiri ndi kuisunga ndalamayo kuti igwire ntchito imene munaitengera, pakuti imafika m'nyumba nthawi imene ufa watha, ndipo maliro ndi matenda sizidikira.

Zoopsa zake. Ngongole ya ndalama siiona nyengo. Kaya mvula yadula, kaya mtengo wa thonje watsika, tsiku lobweza likafika lafika. Onetsetsani ngati kubweza kumayamba mwezi wotsatira kapena kumadikira zokolola, chifukwa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi inakonzedwera ochita malonda a tsiku ndi tsiku, monga ogulitsa tomato pa Bvumbwe, ndipo siigwirizana ndi mbewu yolipira kamodzi pa chaka. Musapereke munda wa banja ngati chikole. Kuno kumene malo ndi ochepa ndipo ambiri amayendera kuchikazi, munda umene mukulima ndi wa mbumba yonse, ndipo kuutaya chifukwa cha thonje la chaka chimodzi ndi mlandu umene sutha.

Njira yachinayi: ndalama zanu, pogula pamodzi ndi anzanu

Mtengo. Mumalipira mtengo wonse wa pamsika, koma mulibe chiwongoladzanja ndipo palibe chodulidwa pogulitsa. Ndalamayi imachokera ku nandolo, ku mbuzi, ku malipiro a kuesiteti kapena kwa mwana amene ali ku Joni. Nzeru yake ndi kugula msanga. Zipangizo zambiri za thonje zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atasunga ndalama m'nyumba kudikira mvula anapeza kuti sizikukwaniranso zimene anawerengera. Kalabu kapena kopaletivi ikagula pamodzi, thiransipoti imagawanika, ndipo chopopera chimodzi chabwino chikhoza kutumikira mabanja angapo oyandikana ngati agwirizana masiku.

Kapezekedwe. Feteleza ndi mankhwala mudzazipeza ku Luchenza, ku Chitakale kapena ku Limbe. Mbewu ya thonje ndiyo yovuta, chifukwa siigulitsidwa m'sitolo iliyonse ngati ya chimanga. Imadutsa mwa ogulitsa ovomerezeka ndi makampani a thonje, ndipo kawirikawiri imafika kaye kumadera amene amalima kwambiri. Muyenera kulembetsa ndi kuitanitsa nthawi ikadalipo.

Ntchito yake. Kuwonjezera pa ntchito ya kumunda, gulu limafuna mlembi ndi msungichuma okhulupirika, buku loonekera kwa onse, ndi munthu wopita kukakambirana ndi ogula thonje lisanayambe kutumbuka. Ulangizi mudzadalira wa boma ndi wa alimi otsogola a m'mudzi, ndipo popeza thonje si mbewu yofala kuno, ndi bwino kutuma anthu awiri kukaona minda ya ku Chikwawa kapena ku Balaka pa nyengo yopopera.

Zoopsa zake. Kuluza konse ndi kwanu, koma kumathera pa ndalama imene munaika. Palibe amene adzabwere kudzatenga malata kapena njinga. Choopsa chachiwiri ndi mankhwala achinyengo kapena otha mphamvu ogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro pa tsiku la msika. Bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board lili pa Bvumbwe pompa, ndipo ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa, choncho kufunsa wogulitsa kuti akuonetseni chiphaso chake si chipongwe. Chachitatu ndi kusowa wogula. Ufulu wogulitsa kwa amene mukufuna uli ndi phindu pokhapokha ogula okhala ndi ziphaso alipo oposa mmodzi pafupi nanu. Ngati palibe, mudzalipira galimoto yopita kutali ndipo phindu lidzathera mumsewu.

Njira iti kwa yani

Ngati muli ndi munda wosakwana ekala imodzi, monga alili mabanja ambiri ku Mulanje ndi Thyolo, ndipo dzina lanu latuluka pa zipangizo za boma, thirani fetelezayo ku chimanga, mubzalemo nandolo monga mwa nthawi zonse, ndipo thonje mulisiye. Malo otere sangakwanitse chakudya ndi thonje pamodzi.

Ngati muli ndi malo okulirapo kudera lotentha, kapena munasamukira ku Balaka, Machinga kapena Mangochi, ndipo ndalama yoyambira mulibe, mgwirizano ndi kampani yokhala ndi chiphaso ndiyo njira imene ndingakulimbikitseni, chifukwa imabweretsa mbewu, mankhwala ndi msika pamodzi. Yambani ndi gawo la munda limene banja lanu lingathe kupalira ndi kutola popanda aganyu ambiri, ndipo sabuside ya boma, ikapezeka, ipite ku munda wa chakudya kuti njala ya mu Febuluwale isakukankhireni kwa mavenda.

Ngati mwalimapo thonje zaka zingapo, mukudziwa makilogalamu amene munda wanu umatulutsa m'chaka choipa, ndipo pafupi nanu pali ogula oposa mmodzi, gulani ndi ndalama zanu kudzera m'gulu. Ngongole ya SACCO kapena ya bungwe la boma ingolowa pothandizira chinthu chokhalitsa monga chopopera, ndipo ikhale yobweza mukakolola. Banki m'khonde muisungire mwezi wotola, pamene mukufuna ndalama ya aganyu kwa masabata ochepa ndipo msika watsegulidwa kale.

Amene mukubwereka munda ku Chikwawa muwonjezere lendi ya munda ndi ulendo wotsika ndi kukwera pa mawerengero anu, ndipo mufunse ngati kulembetsa kudzakhala m'dzina lanu kapena la mwini munda, popeza malipiro ndi ngongole zimatsata dzina lolembedwa. Thonje limafuna kuyenderedwa pafupifupi tsiku lililonse pa nyengo ya maluwa, choncho ngati simungakhale komweko kapena kusiyako wachibale wodalirika, ndalama ya lendiyo ingakupindulireni bwino pa mbewu ina.

Ndipo ngati m'dera lanu ndinu nokha amene mukufuna thonje, chaka chino chikhale chosonkhanitsa anzanu, kulembetsa kalabu kudzera ku ofesi ya zaulimi, ndi kupeza kalata ya wogula yonena kuti adzafika. Mbewu mudzagule chaka chamawa kalatayo ili m'manja.